Mpata wa M'laputopu ya Aphunzitsi

Mphekesera imene inali pakamwa pa aliyense sabata imeneyo inali yakuti Faness waba mtima wa laputopu ya sukulu. Ena ankati mtima, ena ankati ubongo, ndipo a Fomu 4 okha ndi amene ankadziwa kuti dzina lake lenileni ndi hadi disiki, kanthu kamene kamasunga zonse za m'kompyuta. Koma pa mawu akuti "waba" panalibe wotsutsa. Nkhaniyi inkanong'onedwa pamjigo, pamzere wogula mandasi kuseri kwa kalasi, ngakhalenso m'tchalitchi anthu akupatsana moni wa mtendere.

Kuti mumvetse bwino, tiyambe ndi laputopuyo. Sekondale yoyendera imene Faness ankaphunzirako ili chapatali ndithu ndi pa Nsaru, ndipo magetsi kulibe. Mapolo anazikidwa kalekale koma mawaya sanafikebe, pamangotera akhwangwala. Sukulu yonse inali ndi laputopu imodzi yokha, yopyapyala, yotuwa, mphatso ya bungwe lina. Ankaisunga ndi a Rabson, mphunzitsi wa masamu, chifukwa ndi okhawo amene anapitako ku maphunziro a kompyuta a sabata imodzi ku Lilongwe. M'menemo ndi momwe ankalemberamo mayeso ndi kusungamo malikisi a ana onse. Ndiye Lachisanu lililonse laputopuyo ankaikulunga m'chitenje n'kumupatsa Faness kuti akaisiye pa babashopu ya a Jameson pa Nsaru, ikatchajidwe. Lolemba m'mawa ankaitenga n'kubwera nayo.

Anasankha Faness chifukwa njira yakwawo inkadutsa pomwepo, komanso anali mtsikana wofatsa, wosathamanga ndi katundu wa eni ake. Makolo ake anali matenanti pa esiteti ina ya fodya kuseri kwa Nsaru. Anachokera ku Phalombe zaka zitatu zapitazo, koma mpaka nthawi imeneyo anthu ankawatchabe obwera.

Lolemba lina, patatsala masabata atatu kuti a Fomu 2 alembe mayeso a moko, a Rabson anaiyatsa laputopuyo ndipo inangoonetsa sikirini ya buluu yokhala ndi kankhope kokhumudwa. Anaizimitsa, anaiyatsanso, chimodzimodzi. Atayesa kasanu, anati palibenso kuchitira mwina, aikemo Windozi yatsopano, pulogalamu ija imene imayendetsa kompyuta yonse. Madzulo ake anapalasa njinga mpaka ku Kabudula kukabwereka fulashi yoikira Windoziyo kwa mnzawo.

Lachiwiri pa buleki anailowetsa fulashiyo. Poyamba zonse zinkayenda bwino, mpaka pamene kompyutayo inafunsa kuti Windoziyo iikidwe pati. Pamenepo pamayenera kutuluka mndandanda wa madisiki kuti munthu asankhepo. Koma bokosi lake linali loyera mbee, ndipo pansi pake panali mawu a Chingerezi onena kuti palibe disiki iliyonse imene yapezeka.

Apa ndi pamene Brenda akulowa m'nkhaniyi. Brenda ankakhala pa benchi imodzi ndi Faness kuyambira Fomu 1, ndipo anali mtsikana woti nkhani ikamupeza m'mawa, sangafike nayo masana ali yekha. Tsiku limenelo anabweretsa makope a Chichewa mu ofesi ya aphunzitsi, ndipo ataona a Rabson akupotokola tizitsulo ta pansi pa laputopu, anayamba kusanja makopewo pang'onopang'ono ngati ndi mazira. Chivindikiro chitachoka, m'katimo munaoneka mpata wa makona anayi, waukulu ngati chikhatho, wopanda kanthu.

"Achotsa," anatero a Rabson, akuloza ndi kasikuludiraiva kawo. "Ku maphunziro kuja anatisonyeza. Apa ndi pamene pamakhala disiki. Munthu wina watsegula n'kuchotsa."

Mphunzitsi wina amene ankamwa tiyi anafunsa kuti kodi amaitenga kumapeto kwa sabata ndani. Palibe anatchula dzina, koma onse anayang'anizana. Brenda anasiya makope aja n'kutuluka chothamanga, nkhaniyo ikumuyabwa pakhosi.

Woyamba kuuzidwa anali Helena, mnzake wa pakhomo loyandikana ndi kwawo, ndipo anamulumbiritsa kuti asauze munthu. Mukudziwa kale mmene "usauze munthu" amathera. Pofika nthawi yoweruka, nkhaniyo inali itafika Fomu 4 n'kubwereranso kwa Brenda itanenepa. Ndiye iyenso anathirapo kake. Anati kodi anthu sanaone kuti Lolemba lomwelo Faness anabwera ndi nsapato zakuda zatsopano? Sananene kuti wagulitsa disiki n'kugula nsapato, ayi. Anangoika zinthu ziwirizo moyandikana n'kusiya anthu aphatikize okha.

Mwina mukufunsa kuti nanga a Jameson, amene laputopuyo inagona kwawo masiku atatu? Aaa, a Jameson ndi mwana wa pomwe pano. Amawerenga mawu m'tchalitchi Lamulungu, komanso ndi mlamu wawo wa atcheya a komiti ya sukulu. Ahedi anangowaimbira foni, iwo n'kuyankha kuti anangolumikiza chingwe basi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Lachitatu pa asembule ahedi analankhula za "mtsikana wina amene tinamukhulupirira." Dzina sanatchule, koma mitu yonse inatembenukira kumodzi. Mu ofesi, Faness anakana. Anati iye sadziwa n'komwe kuti laputopu imatsegulidwa pansi. Anamuuza kuti apite kunyumba, abwere ndi kholo komanso chinthucho. Pamene ankalongedza mabuku ake m'jumbo, Brenda anali kalikiliki kusongola pensulo imene inali yosongoka kale.

Bambo ake a Faness, a Laison, anabwera Lachinayi atanyamula chipewa m'manja. Anawasonyeza mpata uja. Iwo anauyang'ana nthawi yaitali, sanatsutse, sanavomere. Anangoti chinthucho kunyumba kulibe, afufuza paliponse, ndipo ngati sukulu yaona kuti mwana wawo ndi wotero, ndiye kuti akhale. Inali nyengo yosankha fodya, ndipo kushedi kunkafunika manja. Kuyambira Lachisanu, Faness anayamba kulawirira kushedi m'malo mwa kusukulu, ndipo aliyense amadziwa kuti mtsikana akalowa kushedi pakati pa teremu, kubwerera m'kalasi kumavuta.

Loweruka masana kwa Brenda kunabwera azakhali ake, a Modesta, amene ankagwira ntchito pachipatala china cha mishoni, yolowetsa mayina a odwala m'kompyuta. Anafika atatopa, anavula nsapato, n'kukhala pakhonde kuthandiza kuswa mtedza. Brenda anaona kuti wapeza khutu latsopano, ndipo anaifotokoza nkhani yonse ndi manja omwe, mpaka kutsanzira mawu a a Rabson. A Modesta sanaseke. Anangopitiriza kuswa mtedza.

"Laputopuyo ndi yonenepa kapena yopyapyala?" anafunsa.

"Yopyapyala, azakhali, ngati kope."

"Mumpatamo unaonamo kachingwe kolendewera, kapena chizindikiro choti munali chinthu?"

Brenda anaganiza. Munalibe kachingwe. Munali fumbi lokha.

"Zathu zonse kuchipatala zili ndi mpata umenewo," anatero a Modesta, akukutumula makoko pachitenje chawo. "Zimabwera choncho kuchokera kumene amazipanga. Disiki ya masiku ano ndi kanthu kakang'ono ngati chingamu, kamakhala chapambali. Ndiye mwana wa eni ake mwamuthamangitsa chifukwa cha dzenje?"

"Si ine ndamuthamangitsa, azakhali."

"Eti? Nanga za nsapato ukunenazi, anayamba kuziona ndani?"

Mtedza umene unali m'kamwa mwa Brenda unangosanduka ngati utuchi. Lamulungu kutchalitchi anakhala chete mpaka Helena anamufunsa ngati akudwala mutu.

Lolemba Brenda anazungulira pakhomo la ofesi katatu asanalowe. Anawapeza a Rabson atazunguliridwa ndi mapepala, akulemba mafunso a moko pamanja, maso ali ofiira. Atamva zimene azakhali ake ananena, anapumira m'mwamba n'kunena kuti a kuchipatala asamale odwala, za kompyuta awasiyire amene anaphunzira. Koma ahedi, amene ankafufuza choko m'kabati, anamva zonse. Iwonso anali atatopa ndi laputopuyo. Anati mayiwo abwere adzaone, popeza kuitengera kutauni kukanadya tsiku lonse la ntchito. Madzulo a tsikulo a Rabson anaimanga okha pa njinga yawo kukaitchaja.

A Modesta anapeza mpata Lachitatu masana. Anatsika pa kabaza fumbi lili mpaka m'nsidze, atachokera kuntchito osadya. Mu ofesimo munali ahedi, a Rabson ndi Brenda, amene anamulola kukhala kuti azigwira kambale koikamo tizitsulo. A Rabson anachenjeza kuti batire la laputopuyo ndi lokalamba, silipitirira ola limodzi, komanso anali atayesakonso kawiri dzulo lake. Kanyali ka pambali kakangofiira, ndiye kuti kwatsala mphindi zochepa.

A Modesta anatsegula pansi paja. Anawasonyeza kuti fumbi la mumpatamo linali lofanana paliponse, ndipo timabowo ta m'mbali mwake tinalibe ndi kakukanda komwe, kusonyeza kuti simunamangidwepo kanthu chiyambire. Kenako anatukula kapepala kakuda kamene kanamatidwa pafupi ndi kofupizira mphepo. Pansi pake panali kachidutswa kobiriwira, kotalika ngati chala, komangidwa ndi kachitsulo kamodzi.

"Disiki yanu ndi iyi," anatero.

A Rabson anawerama n'kupukusa mutu. Anati imene anawasonyeza ku Lilongwe inali yaikulu, yolemera, yachitsulo. A Modesta anafunsa kuti maphunzirowo anachitika liti, ndipo atamva chaka chake anangoti, "Ndiye n'kale." Anakamasula kachidutswako, anakauzira, n'kukabwezeretsa bwinobwino kuti mwina kanagwedera ndi mabampu a pamsewu. Anatseka, analowetsa fulashi, n'kuyatsa.

Kudikira kwake kunali kotopetsa. Timadontho tinkangozungulira pa sikirini. Panja a Fomu 1 ankasesa, fumbi likulowa pawindo. Ahedi anayasamula kawiri. Pomaliza funso lija linatuluka, loti Windozi iikidwe pati, ndipo bokosi lija linali loyera mbee ngati poyamba.

"Mwaona, mayi?" anatero a Rabson, mosakweza mawu. "Inetu ndayesa mpaka kutopa."

Apa tinene chilungamo. Kwa kamphindi kochepa, mtima wa Brenda unapepuka. Ngati disikiyo inabedwadi, ndiye kuti iye sanalakwe kwenikweni, ndipo akanatha kugona bwino. Atangozindikira zimene akulakalakazo, anachita manyazi.

A Modesta anatikita m'maso ndi zala. Anaizimitsa laputopuyo, n'kuiyatsanso uku akugogoda batani limodzi mobwerezabwereza ngati nkhuku ikujompha chimanga. Kunatuluka sikirini ina yotuwa yodzaza ndi mawu, imene a Rabson anavomera kuti sanaionepo. Mayiwo anafotokoza kuti kumeneko ndi kuchipinda chamkati kwa kompyuta, kumene imalemba ziwalo zake zonse isanayambe n'komwe kufuna Windozi. Anatsitsa pang'onopang'ono n'kuika chala pa mzere wina.

"Ahedi, tawerengani apa. Ili ndi dzina la disiki, uku ndi kukula kwake. Kodi chinthu chobedwa chingalembedwe apa?"

Ahedi anavala magalasi awo, anawerenga, n'kuwavulanso.

Vuto, malinga ndi a Modesta, linali lakuti kompyutayo inkaiona disikiyo, koma Windozi ya m'fulashi sinkaiona. Makompyuta atsopano amabwera atatcheredwa kuti azilumikizana ndi disiki m'njira ina imene fulashi ya mnzawo wa ku Kabudula uja sinkaidziwa. Kuchipatala kwawo zinawachitikirapo, ndipo anatha masiku awiri akuvutika asanasonyezedwe pokonza. Anafufuza mzere wake, anausowa, anabwerera m'mbuyo, anaupeza pansi pa mutu wina, n'kusintha mawu amodzi okha. Pamene ankadina kuti zisungidwe, kanyali ka pambali kanafiira.

Timadontho tija tinayambanso kuzungulira, ndipo Brenda ankaona ngati tikuchedwa dala. A Modesta anadina, n'kudinanso. Bokosi lija linatuluka, ndipo ulendo uno munali mizere inayi, wina pansi pa unzake.

A Rabson anatambasula dzanja kuti apitirize kuika Windozi, koma mayiwo anawagwira pamkono. Anawauza kuti malikisi a ana onse akadali m'menemo, ndipo akangopitiriza mosasamala afufuta zonse. Ayambe apita nayo kumene kuli magetsi akakopere zofunikazo pambali. Asanamalize n'komwe kulankhula, sikirini inada. Batire linali litatha.

Akulongedza zida zawo, a Modesta anafunsa kuti kodi Lachisanu lija, laputopuyo isanapite kotchaja, chinachitika n'chiyani. A Rabson anafotokoza kuti tsikulo anailumikiza ku foni yawo kuti atumize malikisi, ndipo poizimitsa inalemba kuti ikudzikonza, asaizimitse. Koma galimoto ya matola yopita kutauni inali ikuliza hutala pamsewu. Ndiye anangodina batani mpaka inazima, n'kuikulunga m'chitenje, n'kumupatsa Faness.

A Modesta sanawadzudzule. Anangofunsa ngati pali madzi akumwa.

Ahedi analemba kalata yopita kwa a Laison, n'kudinda chidindo cha sukulu. Atafunsa kuti apititsa ndani, Brenda anati apita yekha. Kuchoka pasukulu kufika pa Nsaru ndi mtunda kale, koma kuchoka pa Nsaru kufika ku esiteti ndi mtunda winanso, njira yake ya mchenga wolowa m'nsapato. Brenda anali asanayendepo njira imeneyo. Zaka ziwiri akukhala pa benchi imodzi, sankadziwa kuti mnzakeyo amayenda zonsezi m'mawa uliwonse, Lolemba atanyamulanso laputopu.

M'shedimo fungo la fodya linamugwira pakhosi mpaka anatsokomola. Anthu anakhala pa masaka m'mizere, akusankha masamba potengera mtundu ndi kutalika kwake, n'kumamanga timitolo. Faness anali chakumapeto, atamanga kansalu pamphuno, zala zake zitada ndi phula la fodya. Anakweza maso, anamuona Brenda, n'kubwezanso maso pa masamba.

Brenda anagwada n'kupereka kalatayo kwa a Laison ndi manja awiri. Iwo anapukuta zala pa buluku lawo, anaiwerenga pang'onopang'ono milomo ikugwedera, kenako anaiwerenganso.

"Ahedi alemba bwino," anatero. "Koma mwanawe, kalatayi ndaimva ine ndekha. Anthu onse ukuwaonawa anamva kuti mwana wanga ndi mbala. Masiku ano akapitawo amasuzumira m'thumba la mayi ake tikamaweruka. Kodi kapepala aka kalowa bwanji m'makutu mwa anthu onsewa?"

Brenda anaimirira. Pakamwa pamene pankathamanga pamjigo paja panali pouma gwa. Komabe analankhula, mokweza ndithu, kuti shedi yonse imve. Anati palibe chimene chinabedwa, disikiyo yapezeka m'kati momwemo, ndipo nkhani ya nsapato anaiyambitsa ndi iye.

Manja a anthu sanaleke kusankha fodya. Mayi wina anafunsa kuti ndiye wakubayo ndani, ndipo atauzidwa kachiwiri kuti wakuba palibe, anangoti "Ooo," ngati munthu amene wapatsidwa tiyi wopanda shuga. Akapitawo, amene anaima pakhomo, anakweza mapewa n'kutuluka.

Faness anatsitsa kansalu kake. Sanakalipe. Mawu ake anali a munthu amene wakhala pa saka kuyambira m'mamawa.

"Nsapato zija amayi anandigulira pa kaunjika atagulitsa tambala. Unandifunsa Lolemba lomwe lija, Brenda. Ndinakuuza. Unati n'zokongola."

Zinali zoona.

A Laison anaipinda kalatayo n'kuiika m'thumba la malaya. Anamutuma Brenda kuti akauze ahedi kuti mwana wawo abwerera pokhapokha nkhaniyi ikanenedwe pamalo pomwe inayambira, pa asembule, ndipo ulendo uno dzina litchulidwe, osati "mtsikana wina." Iwo adzabwera kudzamva okha, ngakhale zitanthauze kusiya fodya theka la tsiku.

Lachisanu m'mawa kunali chisanu. A Laison anaima kumbuyo kwa mizere, pafupi ndi mtengo wa kesha, chipewa chili m'manja. Ahedi analankhula mwachidule, kenako anapereka mpata kwa a Rabson. Iwo anatsokomola, anayang'ana pansi, n'kunena kuti Faness Laison wa Fomu 2 sanabe kanthu, kuti laputopuyo anaiwononga ndi iwo eni poizimitsa mwaphuma, ndiponso kuti mpata umene anauona unali wobadwa nawo. Anapepesa kwa mwanayo ndi kwa bambo ake. A Laison anagwedeza mutu kamodzi, anavala chipewa, n'kuuyamba ulendo wobwerera kushedi.

Asembule isanabalalike, Helena anali atamugunda kale Brenda ndi chigongono. Anamunong'oneza kuti wamva zoti a Rabson awasamutsa chifukwa cha nkhaniyi, ndipo akuti si koyamba. Inali nkhani yokoma, yotentha, ya mtundu womwe uja Brenda ankaukonda. Anatsegula pakamwa, kenako anafunsa kuti, "Wakuuza ndani, iweyo unalipo?" Helena anamuyang'ana ngati wasanduka munthu wina, n'kupita kukauza Fanny wa Fomu 3.

Loweruka ndi Lamulungu Brenda sanapite kocheza. Anatenga kope latsopano n'kukhala pakhonde kukopera manotsi onse a masiku asanu ndi atatu amene Faness anajomba, phunziro ndi phunziro, mpaka chala chapakati chinachita thuza. Pamjigo anayesanso kuwauza amayi amene anawafotokozera nkhani ija poyamba kuti zinali zabodza. Ena anamvetsera. Ena anamudula pakati, chifukwa nkhani ya mawu amodzi osinthidwa m'kompyuta sikoma ngati ya wakuba. Mayi ake a Helena anasenza ndowa yawo n'kunena kuti kaya, koma china chake chinalipo basi.

Faness anabwera Lolemba, patatsala sabata imodzi kuti moko iyambe. Sanapite pa benchi yawo ija. Anakadzipanikiza kumbuyo kwenikweni, pa benchi ya atsikana atatu, pamene bolodi imaoneka movutikira. Pa buleki, ena atathamangira mandasi, Brenda anapita kumbuyoko n'kuika kope lija patsogolo pake.

Faness analitsegula. M'zikhadabo zake munali mudakali mwakuda. Anatembenuza masamba onse limodzilimodzi, osafulumira, mpaka kumapeto.

"Masamu a Lachinayi mulibe," anatero.

"Ndinalibe nanenso. Ndibwereka kwa ena, ndilemba lero."

Faness analitseka kopelo n'kuliika m'jumbo yake.

"Malo ako aja alipobe," anatero Brenda chapansipansi. "Palibe wakhalapo."

"Ndawaona."

Mayeso a moko Faness analemba onse. Kope lija ankaliwerenga pa buleki iliyonse, ndipo tsiku lina anamubwezera Brenda labala imene anagwetsa pakhonde. Koma mpaka teremu inatha, theka la benchi ya kutsogolo ija linali lopanda munthu, ndipo m'mawa uliwonse Brenda ankalipukuta fumbi pamodzi ndi mbali yake.

Kodi mukanakhala inuyo Faness, mukanabwerera pa benchi imeneyo?